Ine ndi Amake Tisa m'Makonde a Bolonya

Lolemba

Tili ku Italiya! Mzinda wake ndi Bolonya. Ndikulemba nditakhala pabedi la eni ake, makutu akali kulila ndege.

Watiitana ndi Paolo, mzungu uja anagwidwa malungo pomwe ankaika phula mumsewu wa ku Nyimba, amake Tisa n'kumamuphikila phala mpaka anadzuka. Sanaiwale. Matikiti anatumiza yekha, ndipo tikugona kwa amai ake. Aphunzitsi anzanga ku Petauke sanakhulupilile mpaka atagwila pasipoti ndi manja ao. Wapampando wa chipani m'dela lathu anandiitanila pambali: "Mukaimile dziko. Taye osavula."

Zimene ndakonza sabata ino:
kuyenda wapansi mzinda wonse, ine ndi amake Tisa, phewa ndi phewa, osati wina kutsogolo wina kumbuyo;
kuwafotokozela mbili ya nyumba iliyonse (ndi ntchito yanga, buku ndili nalo);
Loweluka kukwela phili lokhala ndi tchalitchi pamwamba, n'kuwauza mau anga kumeneko.

Mauwo ndi awa. Chikwatiwile Tisa, chitsiliza chathu, n'kupita ku Kitwe, nyumba yathu ili zii. Amake Tisa amangokhala ku Nyimba kwa abale ao, kudimba la nthochi. Ine ndimadya ndi wailesi. Akabwela, nkhani zathu ndi mchele, makala, nkhuku yomwe yasowa. Ndikufuna kuwapempha kuti tizikhalanso pamodzi. Kwathu pakamwa pamalemela. Mwina kuno.

Lachiwili

Tatuluka! Mzinda uno ndi makonde okhaokha, khonde kulowa m'khonde linzake, ungayende tsiku lonse dzuwa osakuona. Anthu akuyenda awiliawili atakolana mikono, ndi nkhalamba zomwe, opanda manyazi.

Ndikuchepetsa liwilo kuti amake Tisa andipeze. Iwonso akuchepetsa. Ndaima. Iwonso aima, kumbuyo kwanga komweko.

"Tsogolani, aphunzitsi. Inu ndiye mudziwa njila."

Pabwalo lalikulu pali chiboliboli cha mwamuna wandevu, chifoloko m'manja, thupi lonse pamtunda. Ngakhale kansanza! Ndatsegula buku, ndakonza kukhosi. Amake Tisa aphimba kumaso ndi chitenje.

"Kutali konseku mwanditengela zimenezi?"

Phunzilo lathela pomwepo. Tabwelela monga tinapitila, ine kutsogolo.

Lachitatu

Lelo nsanja ziwili za njelwa, ina yopendekeka ngati yamwa kachasu. Ndikufotokoza za mabanja olemela akale amene ankapikisana kumanga zazitali. Mau akutuluka bwino, kuposa tsiku limene oyendela sukulu amabwela. Ndatembenuka kuti ndifunse ngati pali funso. Amene akundimvetsela ndi mai wina wachilendo ndi kagalu kake. Amake Tisa kulibe!

Ndathamanga khonde ili, khonde ilo, taye ili paphewa. Ndikauza chiani abale ao? Ndawapeza m'sitolo, aima duu patsogolo pa sopo. Sopo kuyambila pansi mpaka kudenga. Palibe mzele, palibe wokankha mnzake, palibe wofunsa khadi la chipani. Mafuta ophikila nawonso angokhala, palibe akuwalondela.

"Aphunzitsi, tawafunsani ngati amalola munthu mmodzi kutenga awili."

Nkhope yao ikuwala kuposa tsiku la ukwati wathu. Nsanja sanaziyang'ane n'komwe.

Lachinai

Amai ake a Paolo andilanda mkazi. Ndi mai wamfupi, wa mau aakulu, wovala zakuda. Iwo sadziwa Chinyanja, amake Tisa sadziwa Chitaliyana, koma chiyambile m'mawa ali m'khichini, akukanda ufa ndi mazila, akupinda tizakudya tonga michombo. Uyu akulankhula Chinsenga, uyo chakwao, onse nthawi imodzi. Kuseka! Kuseka kotele kwa amake Tisa ndinakumva liti? Sindikumbuka.

Ndalowa kuti ndiwamasulile ndi Chilatini changa cha ku mishoni. Andipatsa anyezi kuti ndisende. Aona kasendedwe kanga, andilanda mpeni.

Ndayenda ndekha. Zimene ndaona:
tchalitchi chachikulu chimene kumaso kwake sanamalize kumanga, ngati holo ya kusukulu kwathu;
nkhunda zonenepa, palibe ndi mmodzi yemwe wozigenda;
wapolisi amene wandifunsa ngati ndine wa ku Amelika, ndipo nditati Zambia wangomwetulila mwachisoni;
ine mwini m'galasi la sitolo, buku m'khwapa, ngati mlaliki amene mpingo wamuthawa.

Lachisanu

Mvula. Ndakondwa! Makonde alipo, sitinyowa, palibe chokanila. Chokanila chapezeka: nsapato. Zatsopano zimene amake Tisa anagula ku Lusaka zawatulutsa matuza kuzidendene.

"Ndingovula, ndiyende chabe monga kwathu."

Ndakumbuka wapampando wa chipani. Ndati ai, anthu aziti chiani za dziko lathu? Akweza mapewa, akhala pansi.

"Ndiye pitani, mudzandiuza."

Chitsilu ine! Anali atavomela kuyenda nane! Dziko likanagwa chifukwa cha mapazi awili?

Paolo wabwela kuchokela kuntchito, wamva za phili. Akuti mailo, Loweluka, atitenga tonse pagalimoto, ndi amai ake omwe. Mau anga angatuluke bwanji maiyo atakhala pakati pathu? Ndati galimoto imandizunguza mutu. Amake Tisa andiyang'ana nthawi yaitali. Amadziwa kuti ine ndimafika ku Chipata pamwamba pa lole ya thonje, ndikudya chimanga.

Loweluka

Tsiku lija ndi lelo. Ndameta, ndavala taye yofiila. Amake Tisa avala kale, avalanso masilipasi a eni nyumba. Mtima wanga wadumpha. Kani akupita kumsika ndi mnzao uja, pabasi.

"Muyende bwino, aphunzitsi. Musaiwale chipewa."

Ndikukwela ndekha. Khonde lake silikutha! Masitepe, kukhota, masitepe ena. Mabanja akundipitilila atakolana mikono, ena akudyetsana zozizila. Ine thukuta, kolala yathina.

Pamwamba mzinda wonse uli pansi, wofiila. Mbali inayo mapili ngati a ku Kacholola. Pabenchi pakhala mkulu wina wa imvi, ndodo pakati pa maondo. Ndakhala pafupi naye kuti ndipume.

Sindidziwa chimene chandigwila. Ndamuuza zonse, m'Chinyanja. Za nyumba ya zii. Za mbale imodzi yomwe ndimatsuka. Kuti ndikapuma ntchito ndingathe kusamukila ku Nyimba ngati amake Tisa angandifune, za nthochi ndidzaphunzila. Kuti ndimawasowa ngakhale ali m'chipinda chomwecho. Sindinaphonye liu limodzi. Mkuluyo akungogwedeza mutu: "Si, si." Pomaliza wandinyemela buledi wake, wandisisita paphewa.

Wavomela zonse! Tsoka lake si iye amene ndinamukwatila.



Lamulungu

Misa, chakudya chambili, chithunzi pakhomo. Amake Tisa akolana mkono ndi amai ake a Paolo. Ine ndili kumapeto. Paolo akuti khutu langa mwina lalowa m'chithunzimo.

Masana tikulonga katundu. Sutikesi ya amake Tisa yadzala sopo, wina akulowa mu yanga. Buku litsala kuno, malo palibe. Akupinda malaya anga, ndipo afunsa osandiyang'ana:

"Kuphili kuja munaona chiani?"

"Madenga."

Akusalaza kolala ndi chikhato.

"Mukananena kuti mufuna tipite awili. Ine ndimayesa muli pa ntchito ya sukulu."

Ndatsegula pakamwa. Kukhichini aitana. Aika malayawo pabedi, athamanga.

Basi. Mailo ndege, kenako basi yochokela ku Lusaka. Imayamba kuima pa Nyimba. Anena kale kuti atsikila pomwepo, abale akudikila sopo. Ndiwatsitsila katundu, ndiwauza kuti apeleke moni.

Pampando wao pakhala munthu wina mpaka ku Petauke, mwina wonyamula nkhuku. Ndimuuza za Italiya.