Kabowo pa Paipi ya a Jere

Amene akuseka aseke, koma akafunse kaye pa Mzimba boma kuti ndani anayendetsa nyanja ndi njinga ya kabaza. Ndine, Kachingwe, pulambala wa ku Dedza, amene ndakalambira kuno ndikulumikiza mapaipi. Tasunthani ndikhale bwino.

A Jere, apongozi a mwana wanga Esinati, anabwera kuchokera ku Joni ndi thanki yagalasi yaitali ngati pikapu, ya nsomba za m'madzi amchere, zachikasu, zabuluu, zina zamizeremizere. Ankafuna iime m'holo yawo tsiku la ukwati wa ana athu. Munthu ameneyu ankanditchula kuti "wa zimbudzi uja", mwana wanga akumva! Zinkandiwawa, ndisaname. Ndiye ndinati ntchito imeneyi ndiigwira ine, Esinati asakalowe m'banjamo ndi manyazi a bambo ake.

Ndinayala mapaipi awiri otsitsira madzi m'kathanki kosefera kapansi, ndi imodzi yochokera ku pampu yowabwezera kumwamba. Pa yobwezerayo ndinaboola kabowo ndi msomali, pafupi ndi pamene madzi amalekezera, chifukwa pampu ikaima paipi imayamba kuyamwa madzi chobwerera, monga amachitira okoka petulo m'galimoto, ndipo choiletsa ndi mpweya wolowera pa kabowoko basi. A Jere ataona kabowoko anakuwa, "Adada, mwaononga paipi yanga!" Nditangochoka anakamata ndi tepi.

Tsiku la ukwati, dzuwa lili paliwombo, perekaniperekani atafika pokoma, magetsi anathima, pampu zii, paipi ija n'kuyamba kumwa nyanja yonse, kathanki kapansi kusefukira, nsapato za alendo kuyandama, abusa kukwera pa benchi, keke kutuluka pakhomo yokha ngati bwato, nsomba zatsala ndi madzi osadzaza n'beseni lomwe. Esinati anangondiyang'ana, misozi ili mbwembwembwe. Mukumva? Ndinalumpha matebulo asanu ndi awiri nditavala suti, n'kusenda tepi ija ndi mano, dzino la apa linatsala komweko, taonani, paipi inageya ngati ng'ombe, madzi n'kuima.

Koma nsomba za m'nyanja zimafa madzi akapanda kuyenda. Ndinatunga madzi onse a pansi ndi chipewa changa n'kuwabwezera m'kathanki, ndinalanda njinga ya wakabaza wina wa ku Manyamula, kuikweza pa makireti, tcheni kumangirira ku pampu, ndiye kupalasa, abale inu, kupalasa, mpaka madzi anakwera, mafunde anayamba, nsomba yachikasu inalumpha n'kundipatsa moni, mapedulo anafiira ngati makala, mphamvu yotsala inathawira m'mawaya n'kuyatsa tauni yonse, chigayo cha ku Euthini chinayamba kugaya chokha mwini wake ali ku msika, ndipo ku Embangweni anatumiza uthenga kuti ndichepetseko, mababu akuphulika. Mulungu ndi mboni! Iwe wa malaya ofiirawe, ukupukusa mutu chiyani? Unalipo?

Sinafe nsomba ngakhale imodzi. A Jere, buluku litanyowa mpaka m'mawondo, anatenga chimkuzamawu n'kunena kuti, "Yewo chomene, asewere." Asewere, kholo linzawo! Osati wa zimbudzi. Anandikhazika pa tebulo lapamwamba, ndipo Esinati anavina mpaka chophimba kumutu chinagwa.

Mayi a kunyumba amati magetsi anabwera okha ndisanamalize n'komwe kumanga tcheni, amatinso dzinoli linachoka ndi nzimbe. Iwo anali kukhitchini, akudziwapo chiyani? Koma kabowoko kalipo, pitani mukakaone. A Jere anakazunguliza ndi penti yofiira, ndipo mlendo aliyense amamuuza okha kuti anaboola ndi bambo ake a Esinati.