Mfuti ya Mkamwini Yavala Buleki

Lolemba, Okotobala 1986

Phewa lakana. Kuvala malaya m'mawa uno inali nkhondo, tayi ndamanga ndi dzanja limodzi. Pagalasi ndikuona chigamba chakuda bii, m'mphepete mwake mobiriwira. Mkazi wanga NaBanda ndamuuza kuti ndinagunda chitseko cha galaja. Wangoti "mhm." Iyeyu ndi nesi, ndipo "mhm" wakeyo ndimamudziwa.

Ndilembe bwinobwino momwe ndafikira pano, mwina mutu uyera.

Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ndikufunsira mbeta, ndinauza apongozi aamuna kuti nanenso ndimasakako. Iwo anagwira ntchito ya gemu ku Kasungu zaka makumi atatu, kupirikitsa njovu m'minda ya anthu. Ndinkafuna andione ngati mwamuna, osati kalaliki wa mapepala. Chomwe ndinasakapo ine ndi mbewa, ndili sitandade folo. Bodza lija ndinalisiya ku Malawi, ndimayesa silikwera ndege. Lakwera! Apongozi ali m'chipinda cha alendo muno mu Springfield, ku Amereka, ndipo a Gary, mneba wathu wopuma usilikali, atiitana Loweruka ku famu ya mchimwene wawo kukawombera chandamale, poti nyengo yosaka mbawala yayandikira. Apongozi atamva, nkhope yawo inawala koyamba chifikireni.

Ndiye ndinagula mfuti yakale ya a Gary, yotchedwa maginamu. Dzana ndinakaiyesa mobisa. Zipolopolo zitatu basi. Kutsogolo sindikudziwa chomwe imachita, koma kumbuyo imamenya mwini wake. Choipitsitsa: chala chikangoyamba kufinya, maso akutsinzina okha. Apongozi akaona zimenezi, ndatha.

A Gary akuti mankhwala alipo: buleki ya pakamwa pa mfuti. Kachitsulo ka mabowo komangirira kunsonga kwa mpope, mpweya wa onga n'kumatulukira m'mabowomo, mfuti n'kusiya kukankha. Ndili ndi masiku asanu. Zitheka!

Lachiwiri

Ku ofesi ndabisa timabuku titatu ta malonda a mfuti m'kati mwa lipoti la misewu. Ndimayesa ndikangoloza imodzi monga posankha nsapato. Ayi ndithu. Zomwe ndapeza:

- ya mabowo m'mbali mokha
- ya mabowo pamwamba, yoti mpope usadumphe
- ya mabowo mozungulira monse
- yopotera, yofuna mazinga onga a bawuti
- yomanga ndi timasikuluwu
- ina si buleki n'komwe, amangoboola mpope weniweniwo, ndipo ukaboola waboola

Kabuku kalikonse kakuti yakeyo ndiye yoposa zonse. Nanga onse angakhale oyamba bwanji? Kena kakuti ndiyambe ndadziwa kukula kwa chipolopolo changa, poti bowo la buleki likachepa, chipolopolo chikumana nayo panjira. Mzere umenewo ndauwerenga kanayi.

Abwana adutsa, ati zikuoneka kuti lipoti landigwira mtima. Ndavomera.

Masana ndaimbira a Tembo a ku Lusaka, oyendetsa galimoto ku ofesi ya kazembe ku Massachusetts Avenue. Amenewa palibe chomwe sadziwa. Akuti: "Ah mudala, muvutikira chani? Fakani chabe pilo pa shoulder."

Pilo! Pamaso pa apongozi!

Lachitatu

Kwa mmisiri wa mfuti, kuseri kwa malo otsukira magalimoto. Mzungu wa ndevu, magalasi kunsonga kwa mphuno. Ndalowa ndi funso limodzi, iye wandilandira ndi mulu wa akeake.

Ndimawomba nditaima kapena chogona? Ngati chogona, ya mabowo ozungulira indithira fumbi kumaso. Chikundivuta ndi kukankha kapena kudumpha? Ndimasaka kumapiri kapena m'tchire lothithikana? Ndekha kapena ndi anthu? Ndayankha "inde" kangapo pomwe inde sanali kufunika.

Kenako: kodi mpope uli ndi mazinga? Ndati ndikuganiza choncho. Watulutsa mfuti m'chikwama, wayang'ana mpope, wayang'ana ine. Ulibe. Kudula mazinga akuti ndi milungu iwiri, poti alenje onse abweretsa mfuti zawo mwezi uno. Milungu iwiri! Apongozi adzakhala ali ku Kasungu akusimbira anthu za ine.

Yatsala ya timasikuluwu. Ali nazo ziwiri, yaing'ono ndi yaikulu. Akuti ndikaganize.

Kunyumba ndapeza apongozi akupukuta majombo awo akale a kuntchito. Anabwera nawo! Munthu kuchoka ku Malawi ndi sutukesi imodzi, theka lake majombo. Ndawapatsa moni nditanjuta pakhomo, monga mwa masiku onse. Ayankha akuyang'ana jombo, monga mwa masiku onse. Chichokereni tsiku la bodza lija, ine ndi iwo sitinalankhulanepo zopitirira moni ndi za mvula. Zina zonse zimadzera mwa NaBanda.

Lachinayi

M'basi ndasankha yaing'ono. M'sitima ndasankha yaikulu. Mmisiri atandifunsa, chala chaloza yaing'ono, pakamwa patchula yaikulu.

Yaing'ono: phokoso locheperako, koma kukankha imangochotsako pang'ono.

Yaikulu: mabowo atatu mbali iyi, atatu mbali iyo, oti chala n'kulowa. Phewa silimva kanthu.

Ndatenga yaikulu. Lasankha ndi phewa, ine ndangoperekeza.

Mmisiri waimanga yekha, kenako wayamba kulankhula pang'onopang'ono kuti ndimve. Akuti kukankha kuja sikufa, kumangosamuka. Kumachoka kumbuyo n'kupita m'mbali, kukasanduka mphepo ndi phokoso. Wowombayo ali bwino. Woima pambali pake ndiye amalandira zonse. "Nobody beside you without these," watero, n'kunditulutsira zotsekera m'makutu, zija za timbale tiwiri tolumikiza ndi uta. Ndagula ziwiri, zanga ndi za apongozi.

Wawonjeza kuti buleki ikalowa, chipolopolo chimasintha pokagwera, ndiye kagalasi koyang'anira ka pamwamba pa mfuti kafunika kukonzanso. Kukonzanso? Kodi kanali kokonza kale? Anakakonza ndani?

NaBanda waiona m'galaja. Akuti mfuti yavala chitoliro. Kenako wasiya kuseka: "Inu, bwanji osangowauza bambo zoona?" Kunena n'kosavuta. Bodza la zaka zisanu ndi zinayi lili ndi mizu, sungalizule ndi manja.

Lachisanu

Zavuta, koma sindikudziwa kuti zavutira pati.

Ndapita kwa apongozi pabalaza, ndagwada, ndapereka zotsekera m'makutu ndi manja awiri. Ndati, "Timati mwina izi zingathandizeko." Alandira ndi manja awiri. Azitembenuza, apinda uta wake, ayamikira kulimba. Aomba m'manja, athokoza mpaka kutchula mfunda wanga. Kenako adzuka, alowa kuchipinda, ndamva zipi ya sutukesi.

Aziika pamodzi ndi mphatso zopita nazo kumudzi!

Nanga ndikanatani? Mkamwini angauze apongozi kuti tulutsani mphatso ija muvale? Kuwalamula, m'nyumba mwanga momwe? Anthu adzati chizungu chandilowa m'mutu.

Ndatuma NaBanda. Wabwerako msanga. Akuti bambo akuti mlenje wotseka makutu njovu imam'peza asanaimve. Ndiponso zinthu zokongola chonchi sangazidetse ndi fumbi la ku famu, akazivala panjinga m'nyengo yozizira. Ndam'pempha abwererenso akafotokoze za mabowo a m'mbali. Wakana. Mawa ali pantchito, ndipo akuti, "Mukafotokoze nokha, si ndinu alenje nonse awiri?"

Zoti ndichite mawa:

1. Osatsinzina.
2. Apongozi aime kumbuyo.
3. Ndipeze njira yonenera nambala 2.

Loweruka

Ulendo wa maola awiri. Apongozi kutsogolo ndi a Gary, ine kumbuyo ndi mfuti. Famu, udzu wouma, tebulo lamatabwa, chandamale cha pepala uko patali.

A Gary ayamba ndi yawo yopanda buleki. Apongozi agwedeza mutu, akondwa. Nthawi yanga. Ndakhala patebulo, ndavala zotsekera zanga. Apongozi abwera n'kuima kumanja kwanga, chakutsogolo pang'ono, manja kumbuyo, chipewa kumutu. Molunjika ndendende ndi mabowo atatu aja. Akuti ndi pomwe ankaima pophunzitsa a gemu atsopano, kuti aziona maso a wowomba.

Maso!

A Gary awapatsa zotsekera zawo. Apongozi akana mwaulemu, ati ali nazo kale, mkamwini anawagulira. A Gary andiuza m'Chingerezi kuti ndiwauze abwerere m'mbuyo, n'kupita kugalimoto kukatenga zipolopolo zina.

Ndayesa. Mulungu ndi mboni.

"Kumbuyoku kuli kamthunzi kabwino." Akuti dzuwa la kuno ndi lamasewera.

"A Gary abweretsa mpando." Akuti akhala kale maola awiri.

"Mfutiyi imalankhulako mokweza pang'ono." Aseka, koyamba kundisekera ine. "Wombani, mkamwini."

Amafunika ndi mawu awiri okha: sunthani, bambo. Afika pakhosi, abwerera. Apongozi anena kuti wombani. Ndawomba.

Phewa lili phee, silinamve kanthu! Buleki imagwira ntchito! Ndatsegula maso mokondwa, zomwe zikutanthauza kuti ndinatsinzina. Chipewa cha apongozi chili pawaya wa mpanda. Iwo ali chiimire, fumbi m'nsidze, akutsegula ndi kutseka pakamwa, chala chili m'khutu. A Gary akuthamanga kuchokera kugalimoto akutchula mawu omwe sindilemba muno. Pachandamale palibe bowo, ngakhale pathabwa lake.

Tabwerera kunyumba. NaBanda wawayang'ana m'makutu ndi katochi, akuti palibe chang'ambika, kumva kubwerera pakapita masiku. Ine sanandiyang'ane konse. Manyazi otere sindinawamvepo chibadwire, ndipo mkuluyu ndikumumvera chisoni. Mfuti za zaka makumi atatu sizinawagonthetse, wawagonthetsa ndi ulemu wanga.

Lamulungu

Mapemphero a Amalawi ndi a ku Zambia ku College Park, m'chipinda chapansi cha tchalitchi chobwereka. Chipinda chadzaza. Apongozi aumirira kubwera, ndipo akhala pafupi ndi ine, zomwe sizinachitikepo.

Mlaliki wati tipemphere chamumtima. Zii. Apongozi aweramira kukhutu kwanga kuti andinong'oneze. Vuto ndi loti munthu wogontha sadziwa kukula kwa mawu ake.

"Mkamwini, mfuti ija mukabweze. Ankhoswe anu anandiuza tsiku lomwe lija kuti simunaphepo ngakhale njiwa. Ukwati sindinaulole chifukwa cha ulenje. Ndinaima pafupi dzulo kuti mwina mundiuza nokha."

Chipinda chonse chamva, mpaka amayi okonza tiyi kukhitchini. Palibe watsegula maso, koma mzere wonse wa a Tembo mapewa akugwedezeka.

Misozi yalengeza. Ndanong'ona kuti ndinanama, bambo, mundikhululukire.

"Mwati?"

Ndabwereza.

"Kwezani mawu, mkamwini, sindikumva."

Ndayang'ana NaBanda. Maso ali chitsinzinire, akupemphera mwakhama kuposa onse. Wonditumikira palibe. Ndiye ndakweza, ndi mawu onse omwe ndili nawo: "Ndinanama, bambo! Sindine mlenje!"

Mlaliki wati ameni. Apongozi andigwira bondo kamodzi, n'kutsegula buku la nyimbo.

Mfuti ibwerera kwa a Gary mawa. Buleki sindikudziwa kuti munthu amaitani. Pa tiyi a Tembo ayamba kale kundiitana kuti "alenje," ena atatu atengera pomwepo, ndipo ine ndayankha. Dzina limeneli ndifa nalo.