Magalasi a Dotora Filomena

Mpaka lero anzanga a ku koleji ya zaulimi komwe ndimaphunzitsa akandiona ndikuyandikira munthu wovala magalasi amakuwa kuti, "Vulani msanga, akubwera!" Ndimangoseka nawo. Koma poti aliyense akuifotokoza nkhaniyi m'mene akufunira, ndati ndiinene ndekha mwini wake.

Unali ulendo wanga woyamba kutuluka m'Malawi. Ku Milange, tauni ya kutsidya kwa malire, kunali msonkhano wa akatswiri a zaulimi a kwathu ndi a ku Mozambique, ndipo ine anandipatsa mphindi khumi ndi zisanu zoti ndifotokoze kafukufuku wanga wa zaka zitatu, wosunga mbewu ya nandolo ndi phulusa kuti anankafumbwe asaiboole. Kafukufuku wosankhidwa amayenera kukayesedwa kwa alimi a ku Mongue ndi Molumbo. Wosasankhidwa amakathera m'kabati ya mu ofesi, momwe mphemvu zikuwerenga kale a anthu ena.

Ndinakonzeka ngati wopita kutsidya kwa nyanja: pasipoti yatsopano, jekete, ndi mankhwala a m'mimba omwe agogo anandikakamiza kunyamula. (Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono. Anandilera ndi agogo, ndipo kwa iwo dziko lililonse lachilendo limayamba ndi kutsekula m'mimba.) Titadinditsa mapasipoti pa Muloza n'kuwoloka, ndinaunguza uku ndi uku kufuna dziko lachilendolo. Nandolo yemweyo m'minda. Phiri la Mulanje lomwelo, kungoti tsopano ndinkaliona mbali ina. Zachilendo zinali zikwangwani za Chipwitikizi, mabanzi ouma kunja ofewa m'kati omwe amati pau, ndi anthu oyamba nkhani m'Chinyanja, kuidutsitsa m'Chilomwe, n'kukaitsiriza m'Chipwitikizi osapuma n'komwe.

Ndinali ndi a Namakhwa, mphunzitsi mnzanga wachikulire amene anazolowera kuyenda kumeneko. Tinakwera njinga za kabaza kupita m'tauni. Ine sindiyankhula kwambiri, koma maso anga sapuma, choncho ndinaona zonse za m'njira, ngakhale mayi wina pakhomo pa msika atayala magalasi pa thebulo pafupi ndi ogulitsa pau.

"Kuno n'kwathu komwe, aphwanga," anatero a Namakhwa titatsika. "Palibe choopa."

Anaiwala kundiuza chinthu chimodzi. Kenako anatsalira panja kupukuta fumbi pa nsapato, ine n'kulowa ndekha.

Pakhomo pa holo panaima Dotora Filomena, mayi wamkulu wochokera ku Quelimane, wapampando wa msonkhano, amenenso amayenera kusankha kafukufuku wopambana. Atawerenga dzina langa pa chifuwa anandipatsa moni wa m'mawa wa Chipwitikizi, nati, "Bondiya! Ndinu wa phulusa uja!" Anandigwira mapewa n'kuyamba kubweretsa nkhope yawo kwa ine.

Tsono agogo anandiphunzitsa kuti munthu wamkulu akakuyandikira, umadzichepetsa. Ndinapinda mawondo n'kuweramitsa mutu. Ndinamva milomo ikulira "mwa!" pamwamba pa dazi langa.

Ndinaganiza mwachangu kuti mwina akufuna kundinong'oneza za pulogalamu. Ndinadzuka msanga n'kupereka khutu. Nthawi yomweyo iwo anali akubwera mbali inayo. (Kumeneko mayi akamapatsa munthu moni amagunditsa tsaya ili ndi ilo. Ndani akanandiuza?) Chipumi changa chinakumana ndi mphuno yawo, gu! Magalasi awo anauluka. Ndinabwerera m'mbuyo kuti ndiwombe m'manja popepesa, ndipo pansi pa chidendene changa panamveka phwa!

A Namakhwa analowa nsapato zili waliwali, anayang'ana pansi, anayang'ana ine.

"Aphwanga, mphindi ziwiri zokha?"

"Palibe kanthu, mwananga," anatero a Dotora, misozi ikulengeza chifukwa cha mphuno. Koma kanthu kanalipo. Atakhala pampando kuti atsegule msonkhano, anatambasula mkono kutalikitsa pepala, kulibweza, kulitalikitsanso. Sankaona chilichonse. Ndipo dzina loyamba pa pepalalo linali langa.

Katambasulidwe ka mkono kameneko ndinkakadziwa. Ndi m'mene agogo amagwirira buku la nyimbo akaiwala magalasi awo owerengera, a pamsika aja. Ndinakumbukira thebulo lija. Ndinadziwa kuti ndikatuluka nthawi yanga ipita, komanso kuti ndikakhala ndiyankhula pamaso pa munthu amene ndam'phera maso. Ndinatuluka.

Bambo wa kabaza anapalasa ngati tikuthawa njuchi. Mayi wa magalasi uja atangomva kayankhulidwe kanga anati, "Inu ndinu akwathu. Ine ndine wa ku Thyolo, ndinabwera kuno kalekale. Mwatani, thukuta lonseli?"

Ndinafotokoza. Anaseka mpaka kugwira thebulo. Anaitana anzake a pau n'kuwafotokozera m'Chilomwe, nawonso n'kuseka. Wina anapempha kuti ndisonyeze m'mene ndinaweramira.

"Mayi, chonde, nthawi."

"Ndi wamkulu bwanji?"

"Imvi zayamba m'mbalimu."

Anasankha atatu. "Akayese onsewa. Otsalawo mubweretse. Ndipo akakuyandikiraninso, achimwene, muime ngati mtengo!"

Nditabwerera, nthawi yanga inali itadutsa kale. Ndinapita mowerama mpaka kutsogolo n'kuika magalasi pa thebulo. Atayesa oyamba, a Dotora anapukusa mutu. Achiwiri chimodzimodzi. Achitatu anali ofiira psuu, okhala ndi timiyala tonyezimira m'makona, oyenera mkwatibwi osati dotora. Anawavala, anayang'ana pepala, kenako anayang'ana ine.

"Eya. Tsopano ndikumuona bwino amene wandimenya." Anthu anaseka. "Muyankhula komaliza, Sinyoro. Ngati nthawi itsale."

Komaliza, aliyense amadziwa, ndi nthawi imene anthu amakhala atakhuta ndipo akusinza. Pa chakudya cha masana sindinadye bwino. Ndinakhala pakona n'kumaphunzira moni uja ngati wokonzekera mayeso. Tsaya lamanja ndilo limayamba. Milomo sikhudza, imangolira m'malere. Amuna okhaokha amangogwirana chanza. (Mfundo yomalizayi ndinaibwereza kangapo mumtima.)

Nthawi inatsala, pang'ono. Ndikupita kutsogolo, kumbuyo kunalowa gulu la alimi a ku Mongue amene anaitanidwa koma anachedwa chifukwa anabwera pa njinga, msewu ndi woipa. Anakhala pansi fumbi lili m'miyendo. Ndinayamba m'Chingerezi monga ndinakonzera. Ndinaona akatswiri akuyasamula, alimi akuyang'ana denga. Ndinaika pepala pansi.

"Pepani a Dotora, ndiloleni ndiyankhule chakwathu."

Magalasi ofiira anagwedezeka kuvomera.

Ndinatulutsa m'chikwama mabotolo awiri a nandolo, wina wosungidwa ndi phulusa, wina wopanda, n'kuwapereka kuti ayende m'manja. Bambo wina wachikulire wa ku Mongue anathira pang'ono pa chikhatho, analuma njere imodzi, n'kuimirira.

"Aphunzitsi, phulusa timathira nafenso, koma anankafumbwe amaboolabe. Lanuli n'la mtengo wanji?"

"Si la mtengo, bambo. N'la zitsononkho za chimanga, losefa bwino. Ndipo nandoloyo aume mpaka azilira pa dzino, musanathire."

"Aaa! Ife timafulumira kuthira." Anatembenukira anzake n'kuwauza m'Chilomwe, ndipo kumbuyo konse kunadzuka. Mafunso anachuluka. Mayi wina anatsutsa za muyeso wa phulusa, tinakangana, n'kupezeka kuti mbale yake ndi yaikulu kuposa yanga. Mphindi khumi ndi zisanu zinakhala ola. Ine, munthu amene anthu amaiwala kuti ali m'chipinda!

Pomaliza a Dotora anawerenga dzina la wopambana ndi magalasi a mkwatibwi aja. Linali langa. Anatsika pa nsanja akubwera kwa ine, manja ali m'mwamba. A Namakhwa anafuula kuti, "A Dotora, vulani kaye!" Koma ine ndinaima ngati mtengo. Lamanja, mwa! Lamanzere, mwa! Holo inaomba m'manja kuposa m'mene inaombera kafukufuku.

Magalasi awiri aja ndinabweza kwa mayi wa ku Thyolo, amene anandipatsa pau awiri oti ndikapatse agogo. Ndinafika kumudzi ndikudzimva kuti ndine munthu woyenda maiko. Ndinapeza agogo akupeta nandolo pakhonde. M'malo mogwada monga mwa masiku onse, ndinawagwira mapewa n'kubweretsa tsaya lamanja.

Anandikankha ndi lichero.

"Iwe, ukundinunkhiza chiyani? Ndasamba ine! Mankhwala aja unamwa?"