Kwini Amene Ba Silas Anamukana

Ku Kalingalinga konse kunalibe munthu woluza chesi ngati ba Silas Nkole, wosoka nsapato pakhonde la shopu ya simenti, komanso kunalibe mphunzitsi wa chesi waukali ngati iwo. Ukawagonjetsa m'pamene mavuto ako ankayamba. Ankakulondola mpaka kwanu akukufotokozera mmene wasewerera mopusa.

Amene anazunzika kwambiri anali Chola, wowotcherera mageti. Zaka zisanu ndi chimodzi ankawakwapula masana alionse, ndipo chimene ankafuna n'chimodzi chokha, kuti nkhalambayo imuyamikireko kamodzi. Ayi ndithu. Tsiku lina atawadyera kwini, anamutsatira kumpopi akulalata kuti hachi anamuika m'mphepete ngati mbuzi yapachingwe. Lamlungu lina anamunong'oneza za bishopu wa pabolodi ulaliki uli mkati, mpaka mkulu wa mpingo anawakhazika mabenchi osiyana. Ngakhale pa ukwati wa mlongo wa Chola, anandanda mabotolo patebulo la akwati kuti alendo aone pomwe mlamu wa mkwati amalakwitsa.

"Koma nawina ndine, ba Silas!" anatero Chola.

"Kuwina wawina, mwana wanga. Manje nzelu unazisiya kuti?"

Chola ankapsa mtima n'kulumbira kuti sadzapondanso pakhondepo. Mawa lake umamupeza ali pomwepo, akukukuta mano.

Ba Silas atadwala, miyendo itatupa, Chola ananyamula bolodi kupita kwawo. Ataona mmene anaondera, chisoni chinamugwira, ndipo anaganiza zowapatsa masewera amodzi. Anasiya kwini wake poyera dala. Nkhalamba inamuyang'ana kwiniyo nthawi yaitali, kenako inakankha bolodi, tizidutswa n'kumwazikira kunsi kwa bedi.

"Waniika kale mu manda, iwe? Nikali moyo. Choka, ukabwele kusewela vazoona."

Chola anatuluka mwaukali. Anati awasiye sabata yathunthu kuti aphunzire kuthokoza. Lachinayi kunabwera uthenga wa maliro.

Kusiwa, akazi a ba Silas, ba Nsofwa, anauza Chola kuti malemuwo anawakwawitsa pansi kutolera tizidutswa tonse, ndipo masana alionse ankayala bolodi pabedi, akutukwana kuti wowotcherera uja wachedwa.

Pakhonde paja tsopano pali mayi wogulitsa zikwama za mafoni. Chesi imaseweredwabe, koma mwaulemu wotopetsa. Woluza amagwira chanza n'kumapita, ndipo munthu akhoza kusewera zopusa n'kukafika kwawo mumtendere. Chola amabwera mwa apo ndi apo, ndipo mkwiyo wake sunathe. Amakwiyira nkhalamba ija chifukwa chofa msanga, koma makamaka amadzikwiyira yekha. Pa masewera onse a zaka zija, analakwitsadi amodzi okha, ndipo ndi omwewo amene ba Silas anapita nawo.