Tsiku Limene Ndinakwecha Makina a Bambo Derek

Anzanga, pali manyazi ena oti ukawakumbukira uli wekha m'basi umangoyamba kukanda m'mutu popanda choyabwa. Anga ndi a makina otchetchera kapinga.

Ku Leicester kuno ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo nyumba yathu ku Spinney Hills ilibe udzu ngakhale wodyetsa mbuzi tsiku limodzi, kuseri kuli simenti ndi mabini basi. Koma ndinapalana ubwenzi ndi bambo Derek, mzungu wachikulire wa kutchalitchi kwathu, amene amatolera makina akalekale otchetchera kapinga n'kumawakonza mu shedi mwawo. Ine munthu woti kusukulu ndinakulira chikwakwa, ndinatengeka nazo zedi. Loweruka lililonse ndikakhala kuti sindili ku ntchito ndinkapita kukawagwirira sipanala, iwo akundiphunzitsa kunola mipeni yake, mpaka ndinayamba kudzimva uinjiniya.

Mwa makina onsewo panali amodzi amene ankawakonda ngati mwana. Anali a malemu bambo awo, okankha ndi manja, penti yobiriwira itasuluka, dzimbiri apa ndi apo, dzina la fakitale lili m'zilembo zagolide zongooneka patalipatali. Chaka chimenecho anawalembetsa ku chionetsero cha makina akale kufupi ndi Loughborough, koma kutatsala milungu iwiri anawaitana kuchipatala kukachitidwa opaleshoni ya chiuno. Anandipatsa makiyi a shedi.

"Ukawaonetse ndiwe, Chikondi," anatero. "Palibenso wina amene ndingamusiyire. Ungowapukuta fumbi."

Fumbi lokha basi? Kwathu tinaleredwa kuti chinthu cha eni ake umabweza chikuwala kuposa mmene unachitengera. Ndipo ndani amapita pagulu ndi katundu wadzimbiri, anthu aziti kwanu kulibe sopo? Ndinati mumtima, akuluwa manja afooka, akungochita manyazi kundipempha, ndiwadabwitsa.

Ndinayamba ndi sopo ndi madzi, dzimbiri silinasunthe. Ndinathamangira kunyumba kukatenga sitiliwulu ya akazi anga, mayi a Tadala, n'kuyamba kukwecha uku ndikuimba nyimbo ya kwaya mokweza. Nditatsukuluza, mayo ine! Zilembo zagolide zija zapita ndi thovu. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo n'kukapepesa. Ine ndinati madzi akatayika saoleka, bola ndingopenta zonse.

Kusitolo penti yobiriwira inalipo mitundumitundu, ndinasankha yowala kwambiri, yonga masamba a chimanga chothira feteleza kawiri. Itauma ndinaona kuti mawilo akuoneka amasiye, ndinawapaka yofiira. Chogwirira chathabwa, chimene chinali chitada ndi thukuta la manja a bambo ndi mwana wake, ndinachipala ndi sandipepala n'kuchinyezimiritsa ndi vanishi. Panatsala dzina. Kalembedwe kake ndinali nditaiwala, ndipo malo opanda kanthu aja ankangondiyang'ana. Nanga kwathu minibasi imayenda yopanda mawu kumbuyo? Ndinatenga kabulashi n'kulemba ndi penti yoyera, mosamala ndithu: ZONSE NDI NTHAWI.

Tsiku la chionetsero ndinavala suti, ndipo mayi a Tadala anandiperekeza chifukwa anali pa ofu. Tikutsitsa makina m'galimoto ndinaona kuti a anthu ena onse ndi osuluka, adzimbiri okhaokha, mpaka ndinawamvera chisoni eni ake. Ndinanong'oneza akazi anga: "Azunguwa ulesi. Lero tiwina basi, konzani foni mundijambule."

Posakhalitsa anthu anayamba kusonkhana pa makina anga, ine chifuwa patsogolo. Koma palibe amene ankamwetulira. Anangoima mozungulira, manja kumbuyo, ngati afika pa siwa. Kenaka kunabwera mayi wina wa imvi, mmodzi mwa oweruza, anawerenga kakhadi kokhala ndi dzina la mwini makina, n'kugwada kusisita penti yanga ija.

"Awa ndi makina a Derek? Aja anali ndi penti yake ya kufakitale?"

"Omwewo, mayi," ndinayankha monyadira. "Ndangowakonzako pang'ono."

"Bambo, penti yosuluka ija ndiye chinali chuma chake. Ife timabwera chaka ndi chaka kudzaona yomweyo." Analoza zilembo zoyera zija. "Nanga mawu awa akuti chiyani?"

Ndinawamasulira. Mkulu wina amene anaima pambali anavula chipewa.

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo ndi suti yomwe. Koma manyazi a pachionetsero anali ochepa. Chimene chinkandidya mumtima ndi bambo Derek, munthu wandikhulupirira ndi chinthu chimene bambo ake anamusiyira, ine n'kuchisandutsa minibasi ya ku Ndirande. Ndinkaopa kuti ubwenzi wathu wathera pomwepo.

Mawa lake tinapita kukawazonda kuchipatala, ndipo ndinawaonetsa chithunzi pa foni ndisanakhale n'komwe pansi. Anayang'ana nthawi yaitali, anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso. 

"Chogwiriranso wapala?"

"Eya, bambo. Pepani kwambiri, ndimafuna kukusangalatsani."

Anapumira m'mwamba. "Bambo anga ankadana ndi dzimbiri, iwo akanakukonda. Ine ndiye undipatseko milungu ingapo." Ndinatulutsa makiyi kuti ndibweze, koma anakankha dzanja langa. "Sunga. Koma mu shedi muja muli makina ena asanu ndi atatu, ndipo ukangowayandikira ndi bulashi, ndidzuka pabedi pano ndikuthamangitse ndi chiuno chatsopanochi."

Ndinatuluka m'chipindamo mtima utakhala pansi. Titafika pa galimoto, ndikutsegula chitseko, ndi pamene mayi a Tadala anayankhula.

"Bambo a Tadala, zaka fifitini tili m'banja simunakwechepo poto ngakhale mmodzi. Tsiku loyamba kukwecha, mwakwecha histore ya banja la eni ake."

Kuyambira pamenepo ndinalumbira kuti ndikaona dzimbiri pa katundu wa mzungu, ndizilipatsa moni mwaulemu n'kudutsa. Ndinayesa kuwauza mayi a Tadala kuti lumbiro limeneli likukhudzanso mapoto akunyumba, koma mlandu umenewo ndinaluza.