Zuze Wapita Osatsanzika

Lolemba

Zuze wapita. Wasaina ku timu ya ku esiteti ya nzimbe. Kwa adani athu enieni! Ndipo ine ndamvera kwa Bizeki wa kabaza, pamsika, ndikutembenuza milamba pa waya. Bizeki! Munthu woti mpaka lero basiketibolo amaitchula ntchemberembaye ya amuna.

Ine wapampando wa masapota a Mavu. Ine amene ndinamuona mwanayu akuponya mpira wa mapepala mu ringi ya njinga yokhomera pa mtengo wa nimu. Wakula ndi mitu ya milamba yanga. Bondo litatupa ku Bangula ndinalithowa ndine, ndi chitenje changa chatsopano. Ankanditchula Mama.

Kupita apite. Kumeneko amupatsa ntchito, bwalo lawo ndi losalala, pamene lathuli m'ming'alu mumamera udzu ndipo mbuzi timayamba tazipirikitsa. Sindine wopusa, ndikudziwa. Koma osatsanzika? Munthu adye pakhomo pako zaka zonsezi, n'kungonyamuka ngati mbuzi yodula chingwe?

Chimene ndikufuna n'chimodzi. Abwere, akhale pa mpando, andiyang'ane m'maso, anene kuti Mama ndapita. Ine ndimukalipire mpaka mtima uphwe, kenako ndimudalitse.

Vuto ndi Loweruka. Kuli chinkhoswe chake ndi Joana, mwana wa mng'ono wanga Rozi. Mwana wa mng'ono wanga ndi mwana wanga, ndiye likangodutsa Loweruka ine ndine apongozi, iye mkamwini. Kwathu kuno apongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, sachezerana, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Ndiye kuti pakamwa panga patsekedwa Loweruka. Abwere tsikulo lisanafike.

Masana msonkhano wa masapota ku bwalo. Tagwirizana kumusala mpaka afewe:

1. Palibe womupatsa moni.
2. Akabaza asamunyamule.
3. Pamsika asamugulitse kanthu, ngakhale mchere.
4. Nyimbo yake tisaimbenso.
5. Lamulungu timu yake ikubwera kudzasewera pano. Akamalowa m'bwalo, tonse timufulatire.

Onse akweza dzanja. A Thomu oimba ng'oma akweza onse awiri.

Lachiwiri

Ndasesa pakhomo, ndawaza madzi kuti fumbi ligone, ndatulutsa mpando. Bambo a kunyumba akuti, "Kukubwera abusa?"

Pamsika ndikuona ndi maso angawa: Bizeki akupalasa kulowera msewu wa ku esiteti, kumbuyo miyendo yaitali ikukhula pansi. Miyendo imeneyo m'boma lonse la Chikwawa ali nayo ndi munthu m'modzi.

Bizeki atabwerako: "Nkhabe, mayi, sindinamunyamule, ine ndanyamula chikwama chake. Iyeyo anangokhalapo kuti chisagwe."

Dzulo lomweli dzanja lake linali m'mwamba kuposa la wina aliyense! Lamulo lachiwiri lafa likadali khanda.

Pa foni anthu akutumizirana chithunzi. Zuze m'yunifolomu yobiriwira ngati chule, akumwetulira mano onse pamtetete. Pano ankasewera atakwinya nkhope, ine n'kumati ndi khama. Kodi anali akunyansidwa nafe?

Chithunzicho ndachifafaniza. Ndapempha Joana anditumizirenso, kuti ndikhale ndi umboni.

Mpando ndaulowetsa dzuwa litalowa. Palibe wakhalapo.

Lachitatu

Kutentha kwa lero, ngakhale ntchentche zikuuluka mwaulesi.

Mayi wa tomato woyandikana nane wamupatsa Zuze mulu wonse, ine nditapita kukaoda nsomba kwa asodzi a ku dambo. Akuti, "Sindinamugulitse, ndangomupatsa. Lamulo linanena zogulitsa." Anthu a pamsika pano akanakhala maloya, ndende bwenzi zili zosungiramo thonje.

Zina zimene makutu anga amva lero:

Kochi wathu, munthu amene timu yake yathyoka msana: "Ndamupatsa moni, inde. Mwina angatipezereko mipira yakale kumeneko." Kupempha zotsala kwa wakuba!

Rozi: "Achemwali, musandiwonongere banja la mwana chifukwa cha mpira woponya m'dengu lobooka."

Bambo a kunyumba: "Bwanji osangomuitanitsa?"

Kumuitanitsa! Kutsanzika kochita kupempha ndi kutsanzika? Ndimutumire uthenga kuti chonde bwera udzandilemekeze? Ndi bwino ndidye nyika za m'dambo, chakudya cha pa njala chija, chaka chonse.

Chikundiwawa kwambiri n'choti palibe wina akuoneka kuti wapwetekeka. Lolemba anali ngati akufuna kugwetsa esiteti yonse ndi manja. Lero akukambirana za amene apheke mpunga wa chinkhoswe. Wandidyera masuku pamutu mwana uja, ndipo mudzi wonse ukumuthandiza kutola.

Mlamba waukulu, wonona uja, ndauika padera. Si wake. Ndangouika padera.

Lachinayi

Ngati anthu sangasunge pangano, ndilisungitsa ndekha. Benchi yanga ndasiyira mayi wa tomato, ndakakhala pa siteji ya akabaza kuyambira masana. Ndione amene amunyamule lero!

Palibe wamunyamula. Sanaoneke n'komwe. Dzuwa landiwamba ngati mlamba, akabaza akundiseka pansipansi, Bizeki akundifunsa ngati ndikufuna andipezere njinga ndiyambe ntchito.

Madzulo ndikufika kunyumba. Mpando uli pamthunzi, pamalo pomwe ine sindinauike. Pansi pali mapazi a nsapato zazikulu.

Bambo a kunyumba, akusenda chinangwa mosatekeseka: "Kunabwera Zuze. Anabwera wapansi, anadzera kudimba kuopa akabaza anu. Wadikira mpaka mthunzi unafika pa khola."

Ndayang'ananso mpando uja.

"Akuti wamva kuti munaletsa anthu kumupatsa moni, ndiye samadziwa ngati mumulandira. Ndamupatsa mlamba uja. Wati takhuta."

Ndawafunsa chifukwa chake sanatume munthu kudzanditenga. Akuti, "Ndinaopa kukusokonezani pa ntchito ya boma."

Mlamba wadya. Mpando wakhalapo. Kukalipa kwanga kokha ndiye sanakulandire, kuli mommuno m'chifuwa, kukuwira.

Ndipo amene wandilepheretsa kukumana naye ndi ndani? Sindilemba.

Lachisanu

Tsiku lonse kwa Rozi. Kusinja, kutunga madzi, kutereka thobwa. Wapampando wa masapota a Mavu akuphikira thobwa munthu amene watigulitsa!

Amayi akuyeserera nyimbo za mawa. Mwadzidzidzi ndikumva nyimbo yanga. Nyimbo ya Zuze, imene ndinapeka ndekha tsiku lomwe anamwetsa mpira wotipambanitsa ku Nsanje. Angochotsa mawu akuti ringi, aikapo Joana. Woimba ng'oma? A Thomu a manja awiri aja. Akuti, "Iyi si nyimbo ya mpira, mayi, ndi ya banja."

Lamulo lachinayi, pita bwino.

Chakumadzulo ndikuchokera ku mjigo, ndowa pamutu, ndikumuona Zuze akubwera m'kanjira ka m'mapira. Yekha. Ndatula ndowa. Mawu onse ndawakonza, oyamba, apakati, ngakhale odalitsa aja.

Wandiona. Waima. Wavula chipewa. Kenako wapatuka, walowa m'munda wa mapira, wanjuta, nkhope wayang'anitsa uko.

Ankhoswe amulangiza kale!

Ndakuwa kuti, "Iwe Zuze, Loweruka silinafike!"

Iye ali m'mapiramo, mutu ukuonekabe poti kutalika kumeneko sikubisika, mawu apansipansi: "Mwaswera bwanji, amayi?"

Amayi. Osati Mama.

Ndisanatsegule pakamwa, amayi a ku mjigo andipeza ndi ndowa zawo. Nthungululu! "Mkamwini waulemu ngati uyu mudzamupeza kuti?" Ndimukalipire bwanji munthu wonjuta m'mapira, pamaso pa gulu likumulululutira? Ndasenza ndowa yanga. Theka la madzi latayikira pamsana.

Loweruka

Chinkhoswe.

Lole ya ku esiteti yatsitsa timu yonse. Anyamata ataliatali, onunkhira sopo wodula. Masapota anga akuvina nawo. Bizeki wavala tayi. Kochi akutsatira kochi wawo ngati mwanapiye, nkhani ya mipira yakale ija.

Ine andikhazika pa mphasa ya apongozi, pafupi ndi Rozi, mutu pansi monga mwa mwambo. Zuze ndikumuona kuyambira m'maondo kutsika. Nsapato zatsopano, iliyonse ngati bwato la ku dambo.

Ankhoswe apatsana nkhuku, tambala uku, msoti uko. Atsikana abwera atafunditsidwa zitenje kuti apeze wake. Sanazengereze, wangolunjika pa Joana. Kusankha pomwe pali zabwino amadziwa, ndaona sabata ino.

Malangizo. Mayi wina wachikulire akumuuza kuti, "Mwamuna satuluka pakhomo osatsanzika." Ndatsokomola mpaka Rozi wandigunda ndi chigongono.

Wina akuwonjezera: "Apongozi ndi moto, mwanawe. Uziwaothera patali." Anthu m'manja. Iye, "Ndamva." Zimenezi zokha ndiye akumva msanga.

Joana akuwala, mwana wanga. Ndinamunyamula ali wofiira, ndipo mwamuna wapeza wabwino, zimenezo sindingakane ngakhale ndili ndi ukali. Ndalulutira, inde. Ndavinanso pang'ono, poti miyendo siidziwa za misonkhano.

Koma pakamwa patsekedwa. Mwana uja ku timu anamutenga ndi a esiteti, pakhomo panga wamutenga ndi mwambo. Ndipo pa kutengedwa kwachiwiriku thobwa ndaphika ndine.

Latsala lamulo limodzi. Mawa.

Lamulungu

Titaweruka ku tchalitchi, tonse ku bwalo. Kwadzaza, ena akwera mu nimu. Mbuzi tazipirikitsa.

Timu yobiriwira ikulowa, Zuze kutsogolo. Ndaimirira, ndakuwa kuti, "Tsopano!" Ndafulatira.

Kumanja kwanga palibe wafulatira. Kumanzere chimodzimodzi. Ndikuyang'anizana ndi gulu lonse, ndipo gululo likuyang'ana kupyola paphewa panga, likuomba m'manja.

Mayi wachikulire wa malangizo uja wandigwira mkono: "Koma inu mwambo mumaudziwa! Atsikana, taonani apongozi enieni, ngakhale pa mpira sakumuyang'ana mkamwini." Wandiyalira chitenje chake kuti ndikhale bwino, chofulatira chomwecho. Amayi ena akundiloza, akugwedeza mitu moyamikira.

Ndi sitalaka iyi, anthu inu! Ndi mkwiyo! Ndiuze ndani?

Kutembenuka tsopano ndiye kuti ndaswa pangano komanso mwambo pamaso pa mudzi. Ndakhala choncho mpira wonse, ndikuyang'ana khoma la chigayo. Mpira ndikuumvera m'makutu ndi pa nkhope za anthu. Akati "Eee!" ndiye kuti wamwetsa. Akati "Mayo!" wamwetsanso. Ena akulira, ena akuseka, a Thomu akuimbira mbali zonse.

Tagonja. Ndi zingati sindinafunse.

Anthu akubalalika, Joana wabwera, wagwada patsogolo panga. "Amayi aakulu, ali kumbuyo kwanuko, anjuta patali. Akuti zikomo pa zonse munawachitira. Akuti amafuna adzatsanzike okha, koma sizinatheke. Akuti muwakhululukire."

Zuze ndikumumva kupuma, wefuwefu, monga amapumira akatha kusewera. Kale nthawi ngati imeneyi ndinkamuthira madzi m'mutu n'kumuuza zonse zimene walakwitsa.

Mawu a sabata yonse ali pakhosi, okalipa ndi odalitsa omwe. Koma mawu otero sutumiza kudzera mwa mwana, pa tsiku lotsatira chinkhoswe chake.

Ndati, "Uwauze tamva."

Joana wapita. Ndadikira mpaka lole italira, ndiye ndatembenuka. Fumbi lokhalokha, ndi kochi atakumbatira mipira yakale iwiri.

Akuti Zuze wasewera bwino kuposa kale lonse. Ine sindinaone.