Nsanja Yoonera Mbalame

M'mudzi wina umene ngakhale mapu amachita kuulambalala munali mkuyu wakalekale, ndipo mumkuyumo munkakhala timbalame ta mutu wofiira ngati phwetekere, pamimba pachikasu. Tinkaboola zisa m'nthambi zouma n'kumadya nkhuyu osapempha munthu. Eni mudzi sankatilabadira, poti nyama yake sinkadzaza ndi supuni yomwe.

Tsiku lina kunatulukira alendo a magalasi oonera patali. Anayang'ana mumtengomo mpaka makosi kuuma, nalonjeza kudzabweranso ndi anzawo mvula ikatha.

M'mawa mwake bambo Yotamu Chikhadwe, amene paubwana wawo ankatchuka ndi legeni, anadzuka ali Wapampando wa Komiti Yaikulu Yoona za Mbalame, Nthenga ndi Alendo Olemekezeka. Mtima wawo unali pa chinthu chimodzi: alendowo asadzaoloke mtsinje. Kutsidyako kunali alamu awo, omwe ankakonda kuwaseka a Chikhadwewo kuti kumudzi kwawoko ngakhale kabaza amafikako atasochera.

"Anthu apamwamba sangamaone mbalame ali pansi ngati nkhuku," anatero a Chikhadwe pamsonkhano. "Tiwamangire nsanja."

Komiti inaomba m'manja.

"Nanga matabwa, a Wapampando?" anafunsa mayi Nangondo, Wachiwiri kwa Wothandiza Mlembi.

A Chikhadwe anamwetulira mowamvera chisoni anthu oona pafupi. Mtengo waukulu m'mudzimo unali umodzi wokha, unali kale pamalo oyenera, ndipo sunkafuna ngolo. Komanso nthambi zake zouma zija, mabowo okhaokha, zikanachititsa manyazi pamaso pa alendo. Komiti inaombanso m'manja.

Nsanja inakongola, tisanamizane. Anaipaka utoto wofiira ndi wachikasu polemekeza timbalameto.

Alendo anafikadi, galimoto zili pamzere. Kwaya inaimba, a Chikhadwe ali mujekete ngakhale thukuta linali kamukamu. Alendo anakwera pamwamba, naunguza uku ndi uku. Kenako mtsogoleri wawo, mayi wa chipewa chachikulu, anatembenuka.

"Pepani bambo, mkuyu uja uli kuti?"

A Chikhadwe anatukumula chifuwa. "Mwaupondawo, mayi."

Mayiyo anayang'ana matabwa amene anapondawo. Ndiye kutali, m'mikuyu ya kutsidya, kambalame kanayamba kuimba.

Koma asapezeke wonena kuti nsanjayo inalibe ntchito. Masana amenewo a Wapampando anatsala okha pamwambapo, mtima ukuwawa, ndipo ankaona bwinobwino, popanda ndi tsamba lomwe lowatchinga, alamu awo akulandira alendo ndi manja awiri.